Mchere m'Phala la a Kapalasa

Kankhirani chitsa icho pamoto, ndipo amene wakhala chakukhomoyo asendere kuno, chifukwa nkhani iyi siikoma kuimvera msana uli kumdima. Inachitikira pa chipatala china chaching'ono cha kumapiri, kuja kumene chisanu cha mwezi wa Juni chimaluma mpaka m'mano, ndipo mwini wake nkhaniyi ndi namwino wina dzina lake Matilida Chabwera.

Sisita Chabwera sanali munthu woti mungamuuze za mizimu. Akanakuyang'anani kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kukufunsani ngati mwayezetsa malungo. Anali wamfupi, woyenda mwaliwiro, wosachedwa kuyankha, koma manja ake anali abwino. Mtsempha umene anzake ankausaka mpaka wodwala kuyamba kutukwana, iye ankaupeza kamodzi kokha. Magadiyani, anthu aja amagona pansi pa mabedi podikirira abale awo, anamupatsa dzina loti Namchere, chifukwa mchere ankaupeza ngakhale utaubisa m'sokosi.

Pa bedi la pakona, m'wodi ya abambo, panagona a Lufeyo Kapalasa, mmisiri wakale wa ngolo. Mtima wawo unali utatopa. Miyendo inatupa moti ukadinapo chala, dzenje linkatsala pomwepo, ndipo kungotembenuka kokha ankachita befu ngati akwera phiri. Adokotala anasiya malamulo ochepa koma olimba. Agogowa azigona chokhala, mapilo ali kumsana, chifukwa akagona chagada madzi amadzaza m'mapapo. Madzi akumwa aziyezedwa. Mchere asaulawe n'komwe.

Gadiyani wawo anali akazi awo, aNachisale, mayi woonda, wosatopa, wamakani. Iwo ndi Sisita Chabwera ankakangana tsiku ndi tsiku, ndipo kunena zoona onse awiri ankakomedwa nazo.

"Inu asisita," ankatero aNachisale, "munthu angachire bwanji atakhala tsonga usiku wonse ngati akudikira basi? Nanga phala lopanda mchereli, ndi mankhwala kapena chilango?"

Sisita akangopotoloka, mapilo ankachoka. Mchere ankaumangirira pakona ya chitenje. Koma kuba kwake kunali kosatheka, chifukwa patapata wawo wa kumanzere anali womanga ndi waya, ndipo wayayo ankakwecha pasimenti: phwa, kwee, phwa, kwee. Wodi yonse inkadziwa kumene aNachisale ali popanda kudzutsa mutu. Sisita akawagwira, iwo ankangoseka n'kunena kuti mwamunayu anayamba kumusamala asisitawo asanabadwe. Madzulo ankakhala kumiyendo kwa bedi n'kumapaka amuna awo mafuta a nsatsi kumapazi otupawo, uku akuwanena kuti anadzidwalitsa okha ndi fodya.

Tsiku lina m'bandakucha aNachisale anapita kukhitchini ya magadiyani kukaphika phala. Anakoleza moto, anatereka mphika, anatsamira khoma, basi osadzukanso. Amayi anzawo atawagwedeza n'kuona kuti zatha, mmodzi anakweza mawu kuti ayambe kulira, monga amachitira aliyense pachipatala. Munthu akamwalira pamalo otere, amene alipo amamulira, achibale kaya osati achibale, ndipo amamuperekeza ndi nyimbo mpaka kunyumba ya chisoni.

Koma zenera la bedi la pakona linayang'anizana ndi khitchiniyo. Dzulo lake adokotala anali atanena kuti mtima wa a Kapalasa sungapirire chodzidzimutsa chilichonse. Sisita Chabwera anathamanga chikhalire sanathamangepo chotero, anafika n'kumugwira pakamwa mayi uja. Anawachonderera onse, ena anawaopseza, mpaka khitchini yonse inati zii. Thupi analidutsitsa njira ya kuseri, popanda nyimbo, popanda msozi womveka, amayi akutsatira ataluma nsonga za zitenje zawo.

Masana ake kunafika mwana wamkazi wa a Kapalasa, Esinati, pamodzi ndi akuluakulu a kumudzi. Anagwirizana zobisa malirowo, monga amachitira anthu wodwala akakhala kayakaya. A Kapalasa anauzidwa kuti mayi athamangira kumudzi chifukwa chiswe chalowa m'nkhokwe. Iwo anangoyang'ana kuzenera n'kugwedeza mutu. Maliro ataikidwa, Esinati anabwerera kudzakhala gadiyani, wosameta, wosavala chakuda, ndipo misozi yake ankakaitayira kumpopi wa kuseri kwa wodi.

Sisita anadziuza kuti wapulumutsa moyo, ndipo mwina zinalidi choncho. Masiku oyamba zinayenda bwino. Esinati anali womvera, mapilo ankakhala m'malo mwake, mapiritsi okodzetsa ankagwira ntchito, miyendo inayamba kuphwa. Madzulo aliwonse agogo ankafunsa ngati aNachisale abwera, Esinati n'kuyankha kuti mwina mawa, maso ali pansi.

Kenaka agogo analeka kufunsa.

Sisita anazindikira zimenezo koma sanaziikire kumtima. Chimene chinamukwiyitsa n'chakuti m'mawa wina, akumaliza ntchito ya usiku, anawapeza a Kapalasa atagona chagada, bulangete lili m'khosi, milomo itatuwa, pachifuwa pakumveka kuwira. Mapilo anali atasanjidwa bwinobwino pansi pa bedi. Anawadzutsa msanga, anawaika mpweya, ndipo atakhazikika anamutengera Esinati pakhonde n'kumusambwadza. Esinati analumbira kuti anagona tulo tofa nato ndipo sanakhudze kanthu. Sisita anati ndiye mapilowo ali ndi miyendo.

Usiku wotsatira zinachitikanso. Tsopano sikelo nayo inayamba kunena zake. M'mawa uliwonse agogo akaimitsidwapo, muvi unkasendera kutsogolo, kusonyeza kuti madzi akubwerera m'thupi. Sisita anadziwa mdani wake. Anatenga supuni n'kulawa phala limene Esinati anabweretsa, ndipo mchere unamveka bwino lomwe, osati wambiri, koma wothiridwa ndi munthu wodziwa kuphika.

Anapekesa kabati, chikwama cha Esinati, pansi pa matilesi, m'nsapato za agogo. Sanapeze ngakhale kambewu kamodzi ka mchere. Mawa lake anapita yekha kukhitchini, anaima pamutu pa Esinati mpaka phala linapsa, analawa, linali losakoma monga lamulo likufunira. Analinyamula yekha mpaka m'wodi n'kuliika pakabati. Anatembenuka kuti amange lamba woyezera magazi pamkono wa agogo, ndipo atamaliza, mtima unamuuza kuti alawenso. Supuni inakhala m'kamwa mwake nthawi yaitali. Mchere unalimo. Agogo ankangomuyang'ana.

Kuyambira tsiku limenelo Sisita Chabwera sanakhalenso pansi. Ankati akakhala patebulo lake, miyendo inkamudzutsa yokha kupita kukona. Akafika, n'kupeza zonse zili bwino, ankabwerera, n'kudzukanso. Kunyumba tulo sitinkabwera. Ankagona masana makatani atatseka, khutu lili tcheru ngati akadali m'wodi. Ndipo tinthu ting'onoting'ono tinkangochuluka. Beseni limene analisiya louma ankalipeza lonyowa, kansalu kosambitsira kali koyanika pachitsulo cha bedi. Mapazi a agogo ankanyezimira mafuta a nsatsi, chonsecho botolo la mafutawo linapita kumudzi ndi katundu wa malemu. Pakona yonseyo pankamveka fungo la utsi wa nkhuni, ngakhale mazenera ali otseka.

Pa bedi loyandikana panali a Jumbe, bambo wa matenda a shuga, wolongolola moti anzake ankanamizira kugona. Masiku amenewo a Jumbe anachepetsa nkhani. Kenaka anamuitana Sisita n'kupempha kuti awasamutsire kufupi ndi khomo, ati pakonapo pakuzizira. Sisita anawakumbutsa kuti kukhomo ndiye kumalowera mphepo. A Jumbe anayang'ana uku ndi uku.

"Asisita, ine sindinaone kanthu, ndipo musakanene kuti ndaona. Koma munthu akamadutsa pakati pa mabedi, bulangete limagwedezeka. Langali limagwedezeka, pomwe sipakudutsa munthu."

Anawasamutsa, akuwanena kuti shuga wawakwera m'mutu. Koma mawu ake sanali ndi mphamvu ya masiku onse, ndipo a Jumbe anaona.

Kukhitchini nakonso zinali zitayamba. Mafuwa aja a pakhoma, amene aNachisale anafera pambali pake, palibe amene ankaphikaponso, koma m'mawa uliwonse phulusa lake linkakhala lofunda. Nkhuni za anthu zinkachepa, imodzi apa, imodzi apo, mwaulemu, ngati wobwereka. Amayi anasiya kupita okhaokha kukatunga madzi kusanache. Sisita akadutsa, nkhani zinkaduka, ndipo maso amene ankamutsatira sanali a nthabwala ngati kale.

Chimene chinamumaliza chinachitika dzuwa likuswa mtengo. Mayi wina wachilendo, amene anafika ndi m'bale wake wodwala masiku omwewo, anamuimitsa pakhonde mwaulemu n'kufunsa kuti bedi la pakona ndi liti. Anafotokoza kuti agogo ena aakazi anamubwereka mchere m'mamawa, n'kunena kuti akautenge kumeneko. Sisita anafunsa kuti agogo ake otani. Mayiyo anati nkhope sanaione bwino chifukwa cha utsi, koma ndi oonda, ndipo patapata wawo mmodzi ndi womanga ndi waya. Sisita anamuuza kuti adzamugulira mchere wina. Anakalowa m'kachipinda ka mankhwala, anatseka chitseko, n'kuima atagwira shelefu.

Usiku umenewo anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi la pakona, tochi ili m'manja. Anatsimikiza kuti sagona. Esinati anali pamphasa pansi pa bedi, wodi yonse ikupuma mosiyanasiyana, wina kutsokomola, wina kubuula. Magetsi anazima monga mwa chizolowezi chake, kunja mphepo ikusewera ndi malata. Sisita sanadziwe kuti zikope zinagwa liti. Chimene chinamudzutsa ndi phokoso lochokera kumapeto kwa khonde, losafulumira, la munthu wodziwa kumene akupita.

Phwa, kwee. Phwa, kwee.

Chala chake chinali pa batani la tochi, koma chinakana kudina. Phokoso linalowa pakhomo, linadutsa pa bedi la a Jumbe, amene anadzifunditsa mpaka kumutu, linabwera pakati pa mabedi, n'kudzaima tsidya lina la bedi la pakona. Fungo la utsi linadzaza m'mphuno. Mumdimamo munalibe choona, kupatula kuti mbali imeneyo mdima unali wothithikana kuposa kwina. Kenaka anamva nsalu ikukhuluzika. Mapilo ankasololedwa pang'onopang'ono, mosamala, ndipo mutu wa agogo unayamba kutsika.

Apa unamwino unaposa mantha. Sisita analumpha n'kulowetsa mkono kumsana kwa a Kapalasa, kuwakankhira m'mwamba. Ndipo anamva kuti wina akuwakokera pansi. Sikunali kukoka kwa ndewu ayi. Kunali kukoka kwa mayi amene akugoneka mwana, kofatsa, kosatopa, kosamva zonena za munthu. Pamkono pake panakhudza chinthu chozizira, chokhakhala ngati chikhatho cha munthu wolima. Agogo anayamba kubanika, chifuwa chikuwira. Sisita anakuwa kuitana Esinati, tochi inagwa n'kuyaka yokha pansi, ndipo tsidya lija kunalibe munthu.

Anagwira ntchito mpaka kunja kunayera, jakisoni, mpweya, kupukuta thukuta, kuwerenga kugunda kwa mtima. Agogo anapulumuka, koma adokotala atawaona m'mawa anapukusa mutu. Ananena mosabisa kuti zikachitikanso kamodzi, mtima umenewo sudzadzukanso, ndipo anafunsa kuti kodi m'wodi muno malangizo akutsatidwa. Sisita Chabwera, amene sanasowepo yankho chibadwire, anangoti ayesetsa.

M'malo mopita kukagona anamutengera Esinati kumpopi kuja. Anamuuza zonse zimene anamva, ndipo Esinati sanadabwe. Anaulula kuti usiku uliwonse ankamva munthu akumufunditsa chitenje kumapazi, monga ankachitira mayi ake ali mwana, ndipo ankangotsinzina mwamphamvu. Sisita anati bambo ayenera kuuzidwa. Munthu amene sanauzidwe amaitanabe, ndipo woitanidwa amabwera. Esinati anakana akulira. Akuluakulu analamula kuti pakamwa patsekedwe mpaka bambo atuluke m'chipatala, ndipo iwo akafa ndi uthengawo, mudzi wonse udzati mwana wapha bambo ake. Anakangana mpaka mithunzi inafupika. Pomaliza Sisita anati wonena akhala iye, ndipo mlandu ukadzabwera udzagwere iye. Kukhala chete kuwapha ndithu, kunena mwina kuwapha, ndiye iye asankha mwinayo.

Madzulo dzuwa litapendeka anakonza thireyi yake, jakisoni ali wokokeratu, botolo la mpweya lili pafupi. Anakoka makatani kuzungulira bedi. Kenaka anachita chimene palibe anamuonapo akuchita m'wodi imeneyo. Anagwada pasimenti ndi yunifolomu yake yoyera, n'kugwira dzanja la agogo, zala zili pamtsempha. Mtima wake womwe unkagunda kuposa wa wodwalayo.

"Agogo, ndili ndi mawu, ndipo ndi olemera. Ndikupempha mupume pang'onopang'ono."

A Kapalasa anamuyang'ana ndi maso otopa, n'kumwetulira pang'ono.

"Dzuka, mwana wanga, udetsa zovala. Ukufuna kundiuza za aNachisale. Ndinadziwa kale."

Esinati anagwira pakamwa. Agogo anapumira kaye, chifukwa mawu ankawatuluka ochepaochepa. Anati nkhani ya chiswe sanaikhulupirire ndi tsiku limodzi lomwe, popeza mkazi amene anakana kupita ku ukwati wa mdzukulu wake kuti asawasiye okha sakanathamangira nkhokwe. Ndipo usiku woyamba umene anabwera kudzawapaka mafuta, anadziwiratu. Zaka zonse za ukwati wawo manja amenewo anali otentha, manja a pamoto. Tsopano anali ozizira ngati mwala wa kumtsinje.

"Amene sakudziwa ndi iwowo," anatero agogo. "Munthu amadziwa kuti wapita akamva anzake akumulira. Iwo sanamve kanthu. Anangodzuka pakhoma paja, n'kuona kuti phala lapsa, mwamuna akudikira."

Mawu amenewo anamulasa Sisita. Anaona dzanja lake lomwe lili pakamwa pa mayi uja, anakumbukira amayi ataluma zitenje. Chisoni ndi manyazi zinamugwira pamodzi, ndipo ananena mosazungulira kuti woletsa kulirako anali iye. Agogo anati akudziwa, anamuona pazenera akuthamanga, ndipo sanamusungire chifukwa. Sisita anafunsa kuti nanga bwanji osawauza okha aNachisale, poti akuona kuti chisamaliro chawocho chikuwamiza.

Agogo anayang'ana mapazi awo onyezimira.

"Ndiwauze bwanji, munthu akundipaka mafuta? Ndiponso ndikawauza, apita."

Kunja ana a magadiyani ankathamangitsana, wina akuitanira nthochi pageti. Esinati anakwawa n'kuika mutu pabondo la bambo ake, n'kuwauza kuti iye wataya kale mayi, asatayenso bambo mwezi womwewo. Anawauzanso kuti chifikire sanalire mokweza, ndipo chifuwa chikumupweteka. Agogo anamusisita m'mutu wosametawo. Atapuma kangapo, anati akaitane amayi a kukhitchini, aNachisale alilidwe monga alilidwira anthu, ndipo zenera likhale lotsegula kuti nawonso amve.

Sisita anadziwa kuti kulira kumeneko n'kumene anakuthawa poyamba paja, ndipo mtima wa agogo sunalimbe kuposa tsiku lija. Koma anapita yekha kukhitchini. Anaima pakati pa utsi, Namchere yemwe uja, n'kupepesa pamaso pa amayi onse. Mayi amene Sisita anamugwira pakamwa uja anali akadalipo. Anamuyang'ana Sisita kwa kanthawi, n'kungofunsa kuti ayambe nthawi yanji. Anapangana m'bandakucha, nthawi imene aNachisale ankabweretsa phala.

Usiku wonse Sisita anakhala pabedi penipenipo, msana wa agogo utatsamira pachifuwa chake, kuti wochotsa mapilo asapeze chochotsa. Sanagone, ndipo agogo nawo sanagone. Tambala woyamba atalira, Esinati anatsegula zenera n'kutuluka. Mphepo yozizira inalowa. Kukhitchini kunali mdima, kupatula pakhoma paja, pamene kamoto kankanyeka popanda woukoleza.

Ndiye phokoso lija linamveka, kuchokera kumapeto kwa khonde. Phwa, kwee. Phwa, kwee. Linkabwera mosamala, ngati la munthu wonyamula mbale yodzaza. Zala za Sisita zinakanikiza mtsempha wa agogo, umene unkathamanga n'kumapunthwa. Phokoso linalowa pakhomo, linadutsa mabedi, linaima pambali pawo. Fungo la utsi linawakuta, pamodzi ndi fungo la phala lotentha.

Kunja mawu a Esinati anang'amba mdima. Analira mayi ake, kuwatchula dzina, kuwafunsa kuti amusiyira yani. Mayi uja anapokera, kenaka wina, kenaka khitchini yonse, kulira kumene kunakhala kotsekeredwa masiku onse aja. Ena anayambitsa nyimbo ya maliro, ndipo m'wodimo abambo odwala, a Jumbe omwe, anayamba kuyankhira chapansipansi ali m'mabulangete.

Pambali pa bedi panali zii. Agogo anatambasula dzanja lawo kumdimako, ndipo Sisita anaona zala zawo zikupindika ngati zagwira kanthu.

"ANachisale," anatero. "Tamverani. Akulira inu. Mwagwira ntchito, mayi. Ana awa andisamala. Pitani mukapume."

Sisita anamva kuzizira kukuyandikira, mpaka ubweya wa pamkono pake unaima. Bulangete linakokedwa pang'ono n'kukonzedwa bwino pamapazi a agogo. Chinthu chozizira chija chinakhudza dzanja la Sisita, limene linali pamtsempha, n'kulikanikiza pamenepo kamodzi, monga achitira munthu posiyira mnzake katundu. Kenaka phwa, kwee. Phwa, kwee. Pakhomo linaima. Linayambanso, likuchepa, likuchepa, mpaka linasungunuka m'nyimbo ija.

Pomwepo mtsempha unati zii pansi pa zala za Sisita. Mutu wa agogo unagwera paphewa pake. Sisita anatambasula dzanja kuti atenge jakisoni, pakamwa pake pakutuluka pemphero limene sanadziwe kuti amalikumbukira. Asanaifike thireyi, pansi pa zala zake panagunda kamodzi. Panadutsa kanthawi kotalika moopsa, n'kugundanso. Agogo anakoka mpweya wautali, n'kutsegula maso.

Kunja kutayera, kamoto ka pakhoma kaja kanali katazima, ndipo mayi wina amene anagwira phulusa lake anati linali lozizira. Esinati anaphika phala maso ali otupa, n'kulibweretsa m'wodi. Sisita analiika pakabati. Mwadala anatembenuka, anayeza magazi, anakonza mapilo, anachedwa ndithu, kenaka analawa. Anapereka mbale kwa agogo.

A Kapalasa, amene sanagwetse msozi pamene chipatala chonse chinkalira, anatapa supuni imodzi n'kuika m'kamwa. Anaisunga m'kamwamo, akuyang'ana kukhomo. Kenaka misozi inayamba kutsikira m'mbale.

"Mulibe mchere," anatero.

Sisita Chabwera anakhala pambali pawo, dzanja lili kumsana kwawo, mpaka anamaliza phala lonse.